Safunsa ndi wina, wodya phula ndife

Mwana wa mlongo wanga, mphunzitsi kuno ku Cobué, anandipeza pakhonde atakwinya nkhope. "Amalume, laputopu yanga yasiya kuona foni." Usiku anaisiya ikudya moto wa sola, ili yolumikizidwa ku hotspot ya foni yake. Kutacha anapeza mamega onse atha, pagalasi pali uthenga woti update yayenda bwino, koma kachizindikiro ka Wi-Fi kasowa. Kasipika ka Bluetooth nako kangoti zii. Atauza makinawo kuti adzifufuze okha, anamuyankha kuti alowe pa intaneti akapeze thandizo. Si chimodzimodzi kuuza munthu amene bwato lake laboka kuti apalase akagule misomali ku Likoma?

Chomwe chimachitika n'chodziwika. Kachipangizo ka Wi-Fi m'kati mwa laputopu kamamvana ndi makina onse kudzera m'kapulogalamu kotchedwa draiva. Update ikabwera, nthawi zina imachotsa draiva wakale n'kuika watsopano amene sagwirizana ndi kachipangizo kokalamba. Ndipo tonse tikudziwa kuti malaputopu athu ambiri ndi a kaunjika, anatumikira kale eni ake kwina asanafike kunyanja kuno.

Wina zikamugwera, asathamangire ulendo wa ku Metangula kapena ku Lichinga. Ayambe wazimitsa n'kuyatsanso, aonenso ngati kabatani ka ndege sikanayake. Zikakanika, auze laputopu iiwale netiwekiyo, alembenso pasiwedi. Sipika aichotse pamndandanda wa Bluetooth n'kuilumikiza mwatsopano. Zikakanikabe, atenge chingwe cha USB chotchajira foni, alumikize foni ku laputopu, ayatse USB tethering. Intaneti idzadutsa pachingwepo osadalira Wi-Fi, ndipo draiva woyenera angapezeke. Pa makina a Windows pali malo otchedwa Device Manager, kapena Gestor de Dispositivos ngati makinawo ali m'Chipwitikizi, pomwe munthu angabwezeretse draiva wakale. Ife chingwe ndicho chinatipulumutsa, ngakhale panalowanso ndalama ya mamega ena.

Koma chimene chandisowetsa mtendere ndi china: ndani anafunsa mphunzitsiyu? Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Mwambiwu umalanga wosafunsayo, ndipo m'pake. Pankhani iyi zinthu zatembenuka: wosafunsa ali kutali, muofesi momwe intaneti siitha ndipo magetsi sazima, koma phulalo tikudya ndife. Iye akuganiza kuti aliyense ali ndi netiweki yothamanga usana ndi usiku. Sadziwa kuti pano mamega timagula pang'onopang'ono, ndipo munthu amayamba wawerengera asanatsegule chithunzi chimene m'bale wake watumiza kuchokera ku Johannesburg.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ino khalidweli sitikulionera pa kompyuta pokha. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire, gombe lino likhale la Apwitikizi, Likoma ndi Chizumulu zikhale mbali ya Angelezi. Likoma timaiona ndi maso tikaima padoko, chilankhulo n'chimodzi, maliro ndi maukwati timayenderana, koma ndi dziko lina. Agogo athu anafunsidwa? Mundiuza kuti ndapita patali, kuchoka pa kachizindikiro ka Wi-Fi mpaka kukafika pa malire a mayiko. Ine ndikuti mtima wake ndi umodzimodzi: kukonzera munthu zinthu iye kulibe, kenako n'kumuuza kuti zonse zayenda bwino.

Onaninso izi. Pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 inasiya kulandira chithandizo chaulere cha nthawi zonse, pamene Windows 11 imafuna zipangizo zimene makina ambiri akale alibe. Makina akalewo ali kuti? Ali m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'tiofesi ta kumidzi ngati kwathu kuno.

Sindikunena kuti tizikana ma update. Amatseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowera, ndipo makina osiyidwa osakonzedwa ndi ngozi kwa mwini wake. Ndikupempha ulemu basi. Makina azifunsa kaye, azinena kuti atenga mamega angati, ndipo draiva watsopano akalephera azibwezeretsa wakale okha.

Podikira kuti akutaliwo atimve, tidziteteze. Aliyense alembe hotspot ya foni yake ngati metered connection, kuti laputopu ichepetse kukoka zinthu zikuluzikulu yokha, ndipo update aziichita tsiku limene wakonzeka. Inunso achimwene ogulitsa ndi kukonza malaputopu ku Lichinga, musamangolandira ndalama n'kutsanzika. Muikireni kasitomala draiva wa Wi-Fi pa fulashi, mumuonetse pobwezeretsera. Iye akukwera ulendo wautali wobwerera kunyanja, ndipo kumene akupitako sadzakupezani pafupi.