Nyumba ya m'mwamba ku Cape Town ili ndi anansi ku Mtandire

Pakati pa ena a ife amene Allah adawafewetsera rizki, a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, pali khumbo limene likukula: kugula penthouse, nyumba ya pamwamba penipeni pa nsanjika, ku Sea Point mumzinda wa Cape Town kapena ku Umhlanga kufupi ndi Durban, poti ukatsegula zenera uziona nyanja yamchere. Ukafunsa amati, "Ndalama ndi zanga, ndazipeza mwa halaal." Ine ndikuti yankho limeneli n'loperewera, ndipo mwezi uno wa Ramadhan ndi nthawi yabwino yoti tiuzane zoona.

Tiyambe ndi ndalamazo. Nyumba ya ku South Africa sigulidwa ndi makwacha. Pamafunika marandi kapena madola, omwewo amene dziko lathu likusowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Tonse tagonapo pamzere wa mafuta. Wamalonda wa ku Malangalanga amadikira miyezi kuti banki imupatse madola ochepa oitanitsira katundu. Tsono madola ogulira nsanjika amachokera kuti? Lamulo limafuna chilolezo cha Reserve Bank potulutsa chuma chotere. Wozemba chilolezocho amakagula kwa mavenda, n'kukwezera mtengo wina aliyense. Phindu la sitolo likhoza kukhala loyera, koma njira yolitulutsira kunja n'kulidetsa.

Kugula n'chiyambi chabe. Mwini fulati ku South Africa amalipira mwezi ndi mwezi ndalama yosamalira nsanjika yonse, ndipo gawo lake limawerengedwa potengera kukula kwa nyumba yake. Wa pamwamba, poti yake ndiye yaikulu, amalipira zambiri. Chikepe chikafa kapena mphepo yamchere ikadya zitsulo, eni nyumba amasonkhanso ndalama yapadera. Khonsolo ya mzinda nayo imafuna msonkho wake. Zonsezi ndi marandi, chaka ndi chaka, pa nyumba imene banja limagonamo milungu itatu ya December. Amene ndalama zamuperewera amapita kubanki ya komweko, imene kawirikawiri imabwereka mlendo theka lokha la mtengo, ndipo ngongole ya banki wamba ndi riba. Tisanamizane pamenepa.

Palinso nkhani ya Zakaat. Ndalama zikakhala m'thumba kapena m'katundu wamalonda chaka chathunthu, osauka ali ndi gawo lawo la 2.5 peresenti. Zikasanduka nyumba yogonamo mwini wake, masheikh amatiphunzitsa kuti nyumbayo ilibe Zakaat. Lamuloli ndi chifundo kwa munthu wofuna denga. Koma taganizani za nyumba yachitatu, yotsekedwa miyezi 11 pa chaka. Mwina mwalamulo mwapulumuka. Nanga gawo lija la mayi wamasiye wa ku Mtandire, kuseri kwa mpanda wa Area 47, kapena wa ku Kauma pafupi ndi Area 12, lapita kuti?

Anansi enanso ali komweko ku Cape Town. M'munsi mwa phiri la Signal Hill muli dera la Bo-Kaap, kwawo kwa Asilamu kwa zaka zoposa 200. Mzikiti wa Auwal, woyamba m'dziko la South Africa, udakhazikitsidwa kumeneko mu 1794, ndipo imamu wake woyamba anali Tuan Guru, amene adakhalapo mkaidi pa chilumba cha Robben Island. Derali lidapulumuka pa nthawi ya tsankho pamene District Six idagumulidwa. Lero likuphwanyidwa ndi ndalama. Nsanjika zodula zikamangidwa mtengo wa malo umakwera, msonkho wa khonsolo nawo umakwera, ndipo nkhalamba imene idabadwira m'nyumba ya agogo ake imakakamizika kugulitsa. Mu Ramadhan ya 2018 anthu a ku Bo-Kaap adayala mphasa mumsewu wa Wale n'kumafuturu pamtetete posonyeza kukwiya kwawo. Mu 2019 khonsolo idaika derali pa chitetezo ngati malo a mbiri yakale. Msilamu wa ku Lilongwe akamasaina mapepala a nsanjika yoyang'ana pansi pa madenga amenewo, adziwe mbali imene waima.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo sichopanda nzeru: kwacha ikusungunuka ngati mchere m'madzi, munthu ayenera kuteteza chuma cha ana ake. N'zoona. Chisilamu sichiletsa kulemera, ndiponso sichiletsa nyumba yabwino. Amene mwana wake akuphunzira ku Cape Town akamugulira kachipinda kogona mwa njira yovomerezeka, palibe womunena. Koma penthouse sigulidwa chifukwa cha mwana wa sukulu. Imagulidwa kuti anthu amve. Surat Ash-Shu'araa imatikumbutsa za anthu a Aadi, amene Mneneri Hud adawadzudzula chifukwa chomanga pazitunda mongodzionetsera.

Ngati nkhawa ndi kwacha, njerwa za ku Lilongwe nazonso zimasunga chuma. Ophunzira a ku Bunda ndi a m'makoleji a m'tauni muno akusowa malo ogona aulemu, makamaka atsikana. Mabanja achinyamata ku Area 25 ndi ku Chinsapo akuthithikana m'zipinda za lendi. Sitolo imodzi ku Old Town itaperekedwa ngati waqf ikhoza kulipira aphunzitsi a madrasa ngakhale mwini wake atagona m'manda. Ndalama yomangira kuno imadyetsa mmisiri, kalipentala ndi wowotcherera zitsulo.

Inu ophunzira, mawa ndinu maakauntanti ndi maloya amene mudzapemphedwa kukonza mapepala otulutsira chumachi. Phunzirani kukana mukadali aang'ono. Ndipo inu makolo, musanatumize ndalama yoyamba kwa wogulitsa nyumba, khalani pansi ndi sheikh wodziwa za malonda, mumuuze zonse: kumene madola achokera, mtundu wa ngongole, ndi masiku amene mudzagonemo. Allah alandire kusala kwathu ndipo ayeretse chuma chathu.