Nkhani Ikafufutidwa M'kaundula, Kodi Imafa?

Ndapempha danga m'kalata yathu ino kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ena mwa inu muiona ngati yachibwana, koma ndikupemphani kuti mundipirire mpaka kumapeto. Nkhani yake ndi ya chisoni ndi mkwiyo umene umagwira anthu okonda mafilimu ndi mabuku pamene eni kampani alengeza kuti mbali ina ya nkhani, imene anthu akhala akuiwerenga kwa zaka zambiri, sikuwerengedwanso ngati inachitikapo. Ambiri mwa ife tili ndi ana amene akukulira m'maiko muno, ndipo tawamvapo akukangana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka pa funso lakuti kodi chakutichakuti ndi canon kapena ayi. Ife makolo timangopukusa mitu. Ine ndikuti tisafulumire kutero, pakuti pansi pa mkanganowu pagona funso lenileni: kodi mwini nkhani ndani, amene amaigulitsa kapena amene waisunga mumtima?

Tanthauzo la mawu akuti canon si lachilendo kwa ife amene tinakulira m'tchalitchi. Ndi mndandanda wa mabuku ovomerezeka a m'Baibulo: Akatolika ali ndi mabuku 73, mipingo ya Chipulotesitanti ili ndi 66, ndipo mabuku monga Tobiti ndi Yuditi amapezeka kwina, kwina osapezeka. Okonda nkhani za Sherlock Holmes anabwereka mawuwa pofuna kusiyanitsa nkhani 60 zimene analemba Arthur Conan Doyle mwini wake ndi zimene analemba anthu ena. Lero makampani a mafilimu amagwiritsa ntchito mawu omwewa potiuza kuti ichi chinachitikadi m'nkhani yathu, icho ayi.

Chitsanzo chachikulu kuposa zonse ndi cha Star Wars. Filimu yoyamba ya George Lucas inatuluka mu 1977, yachitatu mu 1983, ndipo kuchokera pamenepo panadutsa zaka 16 filimu yachinayi isanaoneke. M'nyengo ya chilala imeneyo, amene anasonkhezera moto kuti usazime anali alembi a mabuku. Mu 1991 Timothy Zahn anatulutsa buku lotchedwa Heir to the Empire, limene linafika pa nambala 1 pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times. M'bukumo ndi m'mene anthu anadziwira Thrawn, mkulu wa asilikali wa khungu la buluu ndi maso ofiira, amene ankayamba waphunzira zojambula ndi zosemasema za adani ake kuti adziwe maganizo awo asanamenyane nawo. Ndi momwemonso m'mene munatulukira Mara Jade, mkazi amene anali ndi lamulo lakuti aphe Luke Skywalker koma m'mabuku otsatira anadzakhala mkazi wake. Han Solo ndi Leia anabereka ana atatu: mapasa Jacen ndi Jaina, ndi mng'ono wawo Anakin. Owerenga anawaona anawa akubadwa, akukula, ena mpaka kumwalira.

Zonsezi, mabuku, nkhani zojambula ndi masewero a pakompyuta, zinkatchedwa Expanded Universe. Kampani ya Lucasfilm inkazivomereza, ndipo inali ndi kaundula wa pakompyuta wotchedwa Holocron, amene ankayang'aniridwa ndi Leland Chee, kuti buku lina lisatsutsane ndi linzake. Wowerenga ankagula buku lililonse akudziwa kuti akuwonjezera njerwa pa nyumba imodzi.

Mu Okutobala 2012 kampani ya Disney inagula Lucasfilm pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni a ku America. Pa 25 Epulo 2014 chilengezo chinatuluka: mafilimu asanu ndi imodzi a Lucas pamodzi ndi katuni ya The Clone Wars ndizo zokha zimene zitsale ngati maziko, ndipo zina zonse zija zidzisindikizidwa ndi chizindikiro chakuti Legends, kutanthauza kuti ndi nthano chabe zosamanga aliyense. Ndi chikalata chimodzi, ukwati wa Luke unatha popanda ankhoswe, ndipo ana atatu a Han ndi Leia anasanduka osabadwa.

Okonda nkhaniyi anachilandira mosiyanasiyana. Ena anangokhala chete ndi chisoni, naika mabuku awo m'makatoni. Ena anakondwa, ponena kuti mabukuwo anali atachuluka kwambiri moti munthu watsopano sankadziwa poyambira. Ena anagwirizana, nasonkha ndalama, ndipo mu 2016 anakweza chikwangwani chachikulu pa msewu wa mu mzinda wa San Francisco, kumene kuli likulu la Lucasfilm, chopempha kuti nkhani za Legends zipitirire. Koma panalinso ena amene mkwiyo unawatengera kutali: buku latsopano la Chuck Wendig lotchedwa Aftermath litatuluka mu 2015, linalandira ndemanga zambiri zonyoza pa Amazon, ndipo zina mwa izo sizinkanena za bukulo ayi, zinkangolira Legends.

Tisanaweruze, tiyeni timve mbali ya kampani, pakuti mlandu sauweruza ndi khutu limodzi. Munthu wolemba filimu yoti ionedwe ndi anthu mamiliyoni, amene ambiri a iwo sanatsegulepo buku la Star Wars ndi limodzi lomwe, sangamangidwe manja ndi mabuku mazanamazana. Mu buku la R. A. Salvatore lotchedwa Vector Prime, la mu 1999, Chewbacca anamwalira. Kodi filimu ya The Force Awakens ya mu 2015 ikanayamba ndi kufotokozera oonera kuti mnzake wa Han Solo uja anafa kale m'buku limene iwo sanawerenge? Komanso George Lucas mwini wake ananena poyera kangapo kuti mabukuwo sawawerenga ndipo sadzimva womangika nawo. Tsono mwalamulo ndi mwamalonda, kampani inali ndi ufulu wochita zimene inachita. Izi sindikuzikana.

Koma kukhala ndi ufulu sikutanthauza kuti amene akudandaula ndi opusa. Madandaulo awo ali ndi maziko atatu. Poyamba, kwa zaka zoposa 20 anthu anagulitsidwa mabuku pa lonjezo lakuti nkhaniyi ndi imodzi, ndipo anatulutsa ndalama zawo pokhulupirira lonjezolo. Chachiwiri, nkhani zina zinadulidwa pakati: mabuku atatu a Christie Golden otchedwa Sword of the Jedi, onena za Jaina Solo, analengezedwa mu 2012 koma sanatulukenso. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chimawawa kwambiri, kampani inapitiriza kuthyola ndiwo m'munda umene inati ndi tchire. Thrawn anabwezedwa mu 2016 m'katuni ya Star Wars Rebels, Zahn analembanso buku latsopano la iye mu 2017, ndipo mu 2023 anaonekera m'sewero la Ahsoka. Mwana wa Han ndi Leia amene anatembenukira ku zoipa m'mafilimu atsopano, Kylo Ren, amakumbutsa owerenga za Jacen, amene m'mabuku anachitanso chimodzimodzi. Munthu amene anauzidwa kuti chuma chake n'chachabe, kenako n'kuona chumacho chikutapidwa pang'onopang'ono, ali ndi chifukwa chong'ung'udzira.

Akuluakulu amene mukuganiza kuti awa ndi matenda a achinyamata okha, kumbukirani Dallas. Kwathu ku Malawi kunalibe wailesi ya kanema mpaka 1999, koma amene munali ku South Africa kapena ku Britain m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira m'mene mabanja ankakhalira pansi kuonera banja la Ewing. Mu 1985 Bobby Ewing anagundidwa ndi galimoto namwalira, chifukwa Patrick Duffy, amene ankasewera mbaliyi, anafuna kusiya. Oonera analira maliro, nkhani inapitirira chaka chathunthu. Mu Meyi 1986, Pam anadzuka m'mawa n'kupeza Bobby akusamba m'bafa, ndipo pambuyo pake oonera anauzidwa kuti zonse za chaka chimenecho anali maloto a Pam. Anthu ambiri anakwiya. Anali atapereka madzulo awo ndi misozi yawo kwa chaka chonse, ndipo anauzidwa kuti analira maliro a munthu wamoyo. Amene anakwiya nthawi imeneyo lero ndi agogo. Ululu wake ndi womwewo umene adzukulu awo akumva.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo ena mwa iwo amadwala matenda oiwalaiwala a dementia. Sindikufanizira okonda mafilimu ndi odwala ayi, koma ntchitoyi yandiphunzitsa kanthu za m'mene nkhani imakhalira mwa munthu. Gogo amene sakukumbukira chimene wadya m'mawa angathe kukufotokozera mwatsatanetsatane filimu imene anaonera ndi mwamuna wake ali pa chibwenzi. Nkhaniyo siikhala yokha m'mutu mwake: imakhala pamodzi ndi munthu amene anakhala naye pafupi, malaya amene anavala, ndi msinkhu umene anali nawo. N'chifukwa chake pa ntchito yathu timaphunzitsidwa kumvetsera mwaulemu zimene munthu akukumbukira, osathamangira kumutsutsa. Mnyamata amene anawerenga buku la Zahn ali ndi zaka 12, mwina lomugulira bambo ake amene lero kulibe, akamva kuti bukulo lachotsedwa m'kaundula samangomva za Thrawn. Amamva ngati zaka zake zimenezo zanenedwa kuti n'zosawerengedwa. Chisoni chotere n'chenicheni, ndipo kuchiseka n'kusowa umunthu.

Komabe chisoni sichipereka chilolezo cha nkhanza. Salvatore atalemba imfa ya Chewbacca, ena mwa owerenga anamuopseza kuti amupha, ngakhale kuti chiganizo chakuti wina afe m'bukulo sichinali chake yekha. Chodabwitsa n'chakuti buku lomwelo limene ena analitemberera mu 1999 lili m'gulu la mabuku amene analiridwa mu 2014. Mlembi amene walembedwa ntchito yolemba buku latsopano si amene anasaina chikalata cha pa 25 Epulo; iye ndi wantchito monga ine ndi inu. Kumunyoza pa intaneti kuli ngati kulalatira namwino chifukwa cha lamulo limene lapangidwa ndi unduna wa zaumoyo. Ana athu tiwaphunzitse kuti kudandaula n'kololedwa, kusonkha ndalama za chikwangwani n'kololedwa, kuleka kugula n'kololedwanso, koma mwano subweza kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Nanga mankhwala ake n'chiyani? Ndikuona kuti ife amene tinakulira pa nthano za pamoto tili ndi yankho limene anzathu a kuno analiiwala. Gogo akati "Padangotero," ife n'kuyankha "Tili tonse," panalibe amene ankafunsa ngati Kalulu wa usiku umenewo ndi wovomerezeka. Agogo a kuchimuna ankamaliza nthano mwina, a kuchikazi mwina, ndipo m'mudzi woyandikana nawo ankaisimba mwinanso. Zonse zinali nthano za Kalulu, ndipo yabwino inali imene yatigwira mtima. Kusiyana kulipo, sindikubisa: gogo sankalipiritsa, ndipo sankatengera munthu ku khoti chifukwa chosimba nthano yake. Okonda Legends sangasindikize ndi kugulitsa mabuku opitiriza nkhani ya Jaina, chifukwa malamulo a umwini amaletsa. Pamenepo mphamvu ya kampani ndi yeniyeni. Koma mphamvu imeneyo imathera pa zimene zidzalembedwe mtsogolo. Zimene munthu anawerenga kale, nazikonda, palibe chikalata chimene chingazichotse mwa iye. Mabukuwo sanawotchedwe, akusindikizidwabe, ndipo kuyambira mu 2021 ena a iwo anatulukanso ndi zikuto zatsopano pa dzina la Essential Legends Collection. Mawu a m'kati mwake ndi omwe aja.

Choncho maganizo anga ndi awa. Makampani azilemekeza anthu amene anawasungira moto pa nthawi ya chilala: ngati atseka nkhani, aitseke bwino, alole alembi kumaliza zimene anayamba. Okonda nkhani nawonso asapereke kwa kampani udindo wowauza chimene ayenera kukonda. Chidindo cha canon ndi chida cha ogwira ntchito m'ofesi, chowathandiza kuti asasokonezane polemba. Si muyeso wa kukoma kwa nkhani.

Kwa inu makolo anzanga, pempho langa ndi laling'ono. Mwana wanu akadzakwiya chifukwa munthu wa m'nkhani amene amamukonda wafufutidwa, musamuuze kuti ndi zamasewera. Khalani naye pansi, mumufunse kuti akusimbireni nkhaniyo kuyambira pachiyambi, ndipo mumve chifukwa chimene amaikondera. Mudzadziwa zambiri za mwana wanu madzulo amenewo. Akamaliza, inunso mumusimbire ya Kalulu monga m'mene agogo anu ankaisimbira, ndipo mumuuze kuti azakhali ake kumudzi amaimaliza mwina, koma palibe amene anawaletsapo kuisimba.

Amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa, danga m'kalata yathu ino lilipo, tidzakumvani mwezi wamawa.