Pempho kwa Anthu a ku Kawaza: Musafulumire Kutaya Simu Yakale

Thonje ndi mpunga zikagulitsidwa kuno kuchigwa cha Luangwa, ndalama zikayamba kuoneka m'manja, ogulitsa masimu nawonso amachuluka. Ena amaimika maambulera pamsika wa Cropping ku Mfuwe, ena amalowa m'midzi pa njinga zamoto akulengeza mabandulo otchipa. Munthu amatulutsa reji, chitupa chake cha unzika, amujambula, ndipo posakhalitsa nambala yatsopano ili m'foni.

Gulu la anthu a m'dera la Mfumu Nsefu, momwe muli alimi, aphunzitsi, amayi a mabanki a m'mudzi ndi achinyamata ogwira ntchito m'malo ogona alendo, silikuletsa aliyense kusintha netiweki. Umenewo ndi ufulu wa wogula, ndipo makampani amakonza ntchito yawo akaona anthu akuwathawa. Chimene likupempha n'chakuti simu yakale isathyoledwe tsiku lomwelo.

Kuno ku Zambia nambala siyenda ndi mwini wake. Yoyamba ndi 097 kapena 077 ndi ya Airtel, ya 096 kapena 076 ndi ya MTN, ya 095 ndi ya Zamtel, ndipo Zed Mobile, yomwe inayamba ntchito mu 2024, ili ndi zakezake. Ku South Africa munthu amasamuka ndi nambala yake kuyambira 2006, n'chifukwa chake abale a ku Joni amadabwa akamva kuti wa kumudzi wasinthanso nambala. Kuno wosintha kampani amayambira pachiyambi, pomwe nambala yakale inalembedwa kale m'malo ambiri: m'kaundula wa thandizo la feteleza ndi mbewu la FISP kwa alangizi a zaulimi, kusukulu ya ana, kwa ogula mbewu, kwa kapitawo amene amaitana antchito mvula ikatha makampu a m'tchire akamatsegulidwa. Kapitawoyo akaimba kawiri osaipeza, amaitana wina. Choipa kwambiri n'chakuti simu ikagona nthawi yaitali, kampani imaitseka nambalayo n'kuipereka kwa munthu wina. Mwana wa ku Lusaka amene sanauzidwe angathe kutumiza ndalama ya feteleza kwa mlendo, ndipo mlendoyo angathe kutsegula WhatsApp pa nambala imene abale onse amaidziwa.

Nkhani ya ngongole ndiyo ikudetsa nkhawa gululi koposa. Alipo amene amakongola tokitaimu ya Siliza kapena Xtratime, kapena ndalama ya Kongola kapena Na Sova, kenako n'kuganiza kuti akataya simu ngongole yafera pomwepo. Siifa. Simu inalembetsedwa pa reji, choncho wokongola ndi mwini rejiyo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2018 loyang'anira mbiri ya okongola, ndipo dzina la wosabweza ndalama lingathe kufika ku TransUnion, kumene mabanki amafunsa asanakongoze munthu. Mlimi amene wathawa ngongole yaing'ono lero angadzakanidwe yaikulu yogulira pampu yothirira kudimba.

Ngakhale wopanda ngongole ali ndi chotaya. Makampani amakongoza poona mmene nambala yakhala ikugwirira ntchito: imagula tokitaimu kangati, imalandira ndi kutumiza ndalama zingati, imabweza pa nthawi yake kapena ayi. Simu yatsopano ilibe mbiri imeneyi. Mayi amene ankadalira kukongola pafoni mwana akadwala usiku adzapeza kuti nambala yatsopano siinayenere kulandira kanthu.

Foni nayo iyesedwe ndalama isanatuluke m'thumba. Mafoni ambiri a itel ndi Tecno amalowa masimu awiri ndipo sasankha kampani, ndiye kwa eni ake njira ndi yapafupi: yatsopano ilowe, yakale ikhale. Vuto lili pa mafoni ena opatsidwa ndi alendo odzaona nyama kapena otumizidwa kuchokera kunja, omwe amabwera atatsekeredwa ku kampani ya kwawo. Kudziwa kwake n'kosavuta. Mwini foni abwereke simu ya mnzake, ailowetse, aimbe. Foni ikafunsa nambala yotsegulira, ndiye kuti ndi yotsekedwa. Amene anatenga foni yolipira pang'onopang'ono, ija imadzitseka munthu akalumpha tsiku, afunse kaye wogulitsa ngati panganolo likulola kusintha simu. Ndipo bandulo yaikulu ya 4G ilibe phindu m'kafoni ka mabatani kosatha kuigwiritsa ntchito.

Simu yobwerekayo iyesedwenso kumene munthu amakhala, osati pamsika pamene nsanja ili pafupi. Aimbe ali m'nyumba, ali kumunda, ali kudimba m'mbali mwa mtsinje wa Lupande. Aliyense kuno akudziwa malo amene munthu amakwera pachulu kuti mawu amveke. Usiku njovu zikalowa m'chimanga palibe nthawi yofunafuna chulu, ndipo netiweki yoyenera kusankha ndi imene imagwira pamsasa wolondera.

Ena amasintha chifukwa choti wachibale wotumiza ndalama ali pa netiweki ina. Masiku ano ndalama imadutsa kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, ngakhale pali chodula, kuwonjezera pa msonkho umene boma linaika pa kutumiza ndalama pafoni kuyambira Januwale 2024. Ndi bwino kufunsa mtengo wake pabuthi, n'kufunsanso ngati mabuthi apafupi amakhala ndi ndalama zokwanira za netiweki imene munthu akufuna kulowa.

Choncho gululi likupempha wosintha aliyense kuti abweze kaye zimene anakongola, atulutse ndalama zonse za pa nambala yakale, akasinthitse nambala kwa alangizi ndi kusukulu, ndipo simu yakale ikhale yamoyo mpaka abale onse atazolowera yatsopano. Simu yatsopano ilembetsedwe pa reji ya mwini wake. Reji isabwerekedwe kwa mnzake kapena kwa wogulitsa, chifukwa nambalayo ikagwiritsidwa ntchito kuba ndalama za anthu, apolisi adzayambira kwa mwini reji. Wodandaula amene kampani yalephera kumuthandiza aimbire ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, pa 7070, kwaulere.

A nyakwawa, atsogoleri a mipingo ndi apampando a mabanki a m'mudzi akupemphedwa kuwerenga uthengawu pamisonkhano yawo misika ya mbewu isanatsegulidwe, makamaka kwa agogo amene amalembetseredwa masimu ndi adzukulu.