Kujambula Mitambo M'timabokosi

Makolo anzanga, ana akaweruka kusukulu apatseni pepala la m'kope la masamu, lija la timabokosi. Azidetsa kabokosi kamodzikamodzi ndi pensulo mpaka mtambo utuluke, monga zithunzi za m'magemu akale apakompyuta zotchedwa pixel art.

Mtambo wa cumulus ukhale wophwatalala kunsi, pamwamba ngati mulu wa thonje. Wa cirrus ndi timizere topyapyala m'mwamba kwambiri. Wa stratus ungoyala ngati bulangete. Mayina atatuwa anapereka ndi Luke Howard wa ku England mu 1802.

Musaiwale cumulonimbus, wamtali, wakuda kunsi, wotambasuka kumutu. Mwana amene anaujambulapo sadzausowa akamasewera kudambo. Muuzeni kuti akauona kapena akamva bingu, asabisale pansi pa mtengo, athamangire m'nyumba kuopa mphenzi.