Thupi lalikulu, koma mavitamini palibe

Tsiku la kliniki ya shuga ndi BP timafika m'mamawa, tikabuku m'manja, ndipo pa benchipo nkhani yathu imakhala imodzi. Mapazi akuchita dzanzi, usiku akuotcha, thupi likutopa tisanagwire n'komwe ntchito. Tikalowa m'chipinda amatiyeza BP, amatibaya chala, amatikweza pa sikelo, kenako mawu ndi omwe aja: "Ndi shuga ameneyo mayi, chepetsani nsima." Wina alowe.

Ambirife matendawa anatibwerera pamodzi: mimba yaikulu, BP yokwera, shuga, mafuta ochuluka m'magazi. Sitili ochepa. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi BP yokwera. Koma poti ndife onenepa, palibe amene amaganiza kuti m'thupi mwathu mungasowe kanthu. Ngakhale kumudzi amati tikudya bwino.

Chikutipweteka kwambiri ndi nkhani ya metformin. Mapiritsi a shuga amenewa akutithandiza ndithu, ndipo sitikufuna kuwasiya. Koma ukawamwa kwa zaka zambiri, matumbo amatha kulephera kutenga bwino vitamini B12 wa m'chakudya. Ku Britain, bungwe loona za mankhwala la MHRA linachenjeza madokotala mu 2022 kuti zimenezi zimachitika kawirikawiri, mwina mpaka kwa wodwala mmodzi mwa khumi. B12 akachepa, magazi amachepa, mutu umaiwalaiwala, mapazi amachita dzanzi lofanana ndendende ndi la shuga. Ukachedwa kuzindikira, mitsempha ya m'mapazi imatha kulephera kuchira kwathunthu. Nanga ife tidziwa bwanji kuti dzanzi lathu ndi liti, ngati B12 sayezedwa m'magazi athu? B12 amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, m'ndiwo zamasamba mulibe. Ena mwa ife tinasiya nyama ndi mazira omwe chifukwa tinangouzidwa kuti "siyani zamafuta", osatiuza kuti usipa ndi matemba tizidya.

Vitamini D nayenso amabisala m'mafuta a m'thupi, choncho wonenepa amakhala naye wochepa m'magazi ngakhale dzuwa lili phwee panja. Amene timakhala tsiku lonse mu ofesi kapena m'golosale ndiye tili pangozi kuposa amene ali kumunda.

Ndiye pali izi: shuga wa m'paketi ndi mafuta ophikira zogulitsidwa kuno amathiramo vitamini A, n'cholinga chabwino. Zinthu ziwirizi ndi zomwe atiletsa. Tasiya, chabwino. Koma ndani anatikhazika pansi n'kutiuza kuti m'malo mwake tizidya maungu, mapapaya, bonongwe ndi mbatata yofiira m'kati, komanso mochuluka bwanji kuti shuga asakwere? Za mgaiwa amatiuza chifukwa cha shuga yekha, pomwe ufa woyera umataya mavitamini a gulu la B pokonola ndi poviika, ndipo mabanja ambiri m'tauni akudya womwewo usana ndi usiku.

Tikudziwa kuti anamwino ndi ochepa ndipo mzere ndi wautali. Koma munthu amene wamwa metformin zaka zisanu n'kumadandaula mapazi ayenera kuyezedwa B12, ndipo akapezeka wochepa apatsidwe mapiritsi kapena jakisoni wake. Pakadali pano timangouzidwa kuti tikayezetse kuchipatala cholipira, pomwe ndalama ya minibasi yobwerera kunyumba tachita kukongola.