Lamulo la mayiko atatu: ndani akupindula ndi ndalama za mgwirizano ku Ulaya?

Ku Toulouse m'dziko la France kuli makampani ambirimbiri opanga zida za ndege, ndipo kuyambira 2005 ali ndi bungwe lawo lotchedwa Aerospace Valley. Anzawo a ku Hamburg nawonso ali ndi lawo. Zili ngati akalipentala a ku Mchesi: aliyense ndi shedi yake, koma kogula matabwa n'kumodzi, makasitomala ndi omwewo.

Magulu oterewa akafuna ndalama za European Union (EU) zoti agwirire ntchito limodzi, amapeza lamulo pakhomo: bwerani atatu, ochokera m'mayiko atatu osiyana. Umu ndi momwe migwirizano 30 yotchedwa Euroclusters idayambira mu Seputembala 2022, ndipo magawo 75 pa 100 alionse a ndalamazo amayenera kufika kwa makampani ang'onoang'ono.

Lamuloli lili ndi nzeru. Popanda ilo, Afalansa akadangogawana okhaokha, Ajeremaninso chimodzimodzi. Mliri wa Covid utatseka malire mu 2020, mayiko olemera adasowa ndi mamasiki omwe, n'kuzindikira kuti fakitale ya dziko limodzi siingaime payokha.

Koma pofika pa mapepala m'pomwe pali nkhani. Tiyerekeze bungwe la osoka zovala ku Bulgaria lomwe mu ofesi muli anthu awiri. Mmodzi akuyankha mafoni a mamembala, winayo ndiye alembe pempho la masamba ambirimbiri m'Chingerezi, afunefune anzake m'mayiko ena awiri, awerengetsere bajeti, zonsezi asanaone ndi yuro imodzi yomwe. Pomwe mabungwe akuluakulu ali ndi anthu olipidwa mwezi ndi mwezi pa ntchito yokhayo. Chodetsa nkhawa n'chakuti wamng'ono angaitanidwe kuti angokwaniritsa nambala, dzina lake likhale papepala, zisankho zikupangidwa kwina.

Ndale nazo zimalowerera. Britain itatuluka mu EU mu 2020, idakhala kunja kwa Horizon Europe, thumba la kafukufuku lomwe lidayamba ndi mayuro 95.5 biliyoni, mpaka pa 1 Januwale 2024. Luso la amisiri ake silidasinthe. Chidasintha ndi pangano la maboma.

Thumba limeneli, lomwe nalonso lili ndi lamulo la mayiko atatu, likutikhudza ifenso. Mabungwe a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amaloledwa kulandirako ndalama, koma sawerengedwa pa atatu aja. Timalowa ngati alendo, eni phwando atakwana kale.

Ine ndikuona kuti lamulo la mayiko atatu likhale, chifukwa kulichotsa n'kupha cholinga chenichenicho. Chofunika kukonza ndi mtengo wa kupempha: mabungwe ang'onoang'ono azipatsidwa kandalama kokonzekerera pempho, ndipo oweruza mapempho azifunsa kuti wamng'onoyo agwira ntchito yanji. Inu a m'mayunivesite ndi m'mabungwe a amalonda kuno kwathu, musadikire kuti chilengezo chituluke. Anzanu atatu aja muwadziwiretu chaka chino.