Phwando la 'old school': tikudya 1960 wa ndani?

Mwezi watha msuweni wanga anandiponya m'gulu la pa WhatsApp lokonza phwando la tsiku lake lobadwa. Akukwanitsa zaka 25 ndipo mutu wa phwandolo anasankha yekha: zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Madiresi otambalala m'munsi, masuti othina, zipewa, nyimbo za pa galamafoni. Ine anandipatsa mbali ya chakudya ndi zakumwa, ati poti pakamwa panga sipasowa nkhani za mapoto.

Usiku womwewo zithunzi zinayamba kugwa m'gulumo ngati matalala. Wina watola pa Pinterest, wina pa TikTok. Jeli wobiriwira wokhala ndi tizidutswa ta karoti m'kati. Tchizi wosungunula m'kampoto. Nyama ya m'chitini yoveka zidutswa za chinanazi. Matambula a mwendo umodzi omwera martini. Aliyense ankangoti, "Izi ndiye zenizeni, aise!"

Loweruka lake ndinapita kukaona agogo anga aakazi, omwe anabadwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili m'kati. Ndinawaonetsa zithunzizo pa foni kuti anditsimikizire ngati tikulondola. Anayang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwanawe," anatero, "zoterezi agogo ako aamuna ndiwo ankaphika kunyumba ya bwana ku Limbe. Ife tinkangomva fungo lake pa malaya awo."

Mawu amenewo andikhala pamtima mpaka lero, ndipo ndi omwe andilembetsa nkhaniyi. Maganizo anga ndi akuti phwando lokumbukira zaka zimenezo ndi labwino ndithu, koma tebulo lake lisangokhala chithunzi chokopera ku America. Ifenso tinali ndi 1960 wathu, ndipo anali ndi kukoma kwake.

Tiyambe tamvetsa chimene chili m'zithunzi zija. Nkhondo itatha mu 1945, mabanja ambiri ku America anapeza ndalama, nyumba zatsopano ndi zipangizo za magetsi. Chakudya cha m'chitini ndi cha m'paketi chinkaoneka ngati chizindikiro cha chitukuko. Jeli wa Jell-O, amene ankamuthiramo zipatso, masamba, nthawi zina ndi nsomba yomwe, sangaume bwino popanda kuzizira. Kumuika patebulo kunali kuuza alendo mwakachetechete kuti m'nyumba muno muli furiji. Tchizi wosungunula uja, fondue, kwawo ndi ku Switzerland, ndipo anthu ambiri a ku America anamudziwira pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1964. Martini ndi masuti othina ambirife tinazionera mu Mad Men, sewero la pa TV lomwe linayamba mu 2007 lofotokoza za otsatsa malonda a ku New York m'zaka za m'ma 1960.

Ku Britain nkhani inali ina. Kumeneko chakudya chinkagulidwa moyeza mpaka 1954, ndiye shuga, batala ndi nyama zitayamba kupezeka mwaufulu, anthu anazilandira ngati mvula yoyamba. Nkhuku yozizira yosakaniza ndi msuzi wa kale ndi mayonezi, imene amaitcha coronation chicken, anaikonza mu 1953 pa mwambo wolonga ufumu Mfumukazi Elizabeth II.

Tsono taonani zaka zomwezo kuno kwathu. Mu 1949 kunagwa njala yoopsa, makamaka m'chigawo cha kummwera. Mu 1953, chaka cha nkhuku ya mfumukazi ija, Nyasaland anaikakamiza kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anthu akukana. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linalengeza za chiopsezo, anthu anamangidwa, ena anaphedwa, n'chifukwa chake tsikuli timakumbukira. Ndipo mu 1964, anzathu ku New York akuviika buledi mu tchizi, ife pa 6 Julaye tinali kukweza mbendera yathu koyamba.

Martini analipo kuno, inde. Ankamwedwa m'makalabu a azungu ku Zomba ndi ku Blantyre. Funso n'lakuti, munthu wakuda m'chipinda chimenecho anali ndani? Anali wovala zoyera uja, wanyamula thireyi, woitanidwa kuti "boyi" ngakhale ali ndi imvi. Tikakopera phwando limenelo osaganiza, tikuvala zovala za bwana n'kuiwala kuti agogo athu anali kukhitchini.

Nditalemba zimenezi m'gulu muja, mnzathu wina anandiyankha kuti, "Iwe, ndi pate chabe iyi, si kalasi ya hisitole." Ndipo akunena zoona mbali ina. Palibe amene amapita ku phwando kukalira. Palibenso tchimo kudya chakudya cha eni. Buledi, tiyi ndi chimanga chomwechi zinachita kubwera. Sindikuti tiletse keke ya chinanazi kapena tizivala ziguduli. Ndikungoti 1960 wa pa Pinterest ndi wodula, ndi wachilendo pa lilime lathu, ndipo tikamutsatira yekha timataya nkhani yokoma kuposa.

Pa za kudula, tawerengerani nokha. Tchizi wa fondue, mowa wa vermouth wosakanizira martini, maolivi, zonsezi ndi zochokera kunja ndipo mtengo wake mukuudziwa mmene kwacha yakhaliramu. Jeli uja mungamukonze bwinobwino m'mawa, magetsi n'kuthima masana, pofika madzulo a Okutobala muli ndi msuzi wobiriwira. Alendo ajambula, aseka, kenako ayamba kufunsa ngati kuli nsima.

Pa za nkhani yokoma, tamverani. Zaka zimenezo azibambo ambiri a kuno ankapita ku Joni ndi ku Halale kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Ankabwerako ndi njinga, galamafoni, suti ndi chipewa. M'makomboni a m'mizinda imeneyo munali nyumba zogulitsira mowa mobisa, chifukwa ku South Africa lamulo linkaletsa munthu wakuda kugula mowa wa azungu mpaka 1962. M'nyumba zoterezo ndi m'misewu yake ndi mmene munakulira nyimbo za marabi ndi kwela, ndipo kwela anafika mpaka ku Chileka, kumene Daniel ndi Donald Kachamba anamupatsa kakomedwe ka kwathu. Nyimbo ya Skokiaan ya August Musarurwa wa ku Southern Rhodesia, yomwe dzina lake ndi la mowa woletsedwa wa m'makomboni, inaphulika ku America mu 1954 mpaka Louis Armstrong anaijambulanso. Ndiye kuti pamene ife lero tikukopera kwa iwo, iwo nthawi imeneyo ankavina zochokera kuno kummwera kwa Africa. Phwando lanu likufunanso chiyani kuposa pamenepa?

Tsono nayi mmene tinakonzera tebulo la msuweni wanga, mwina ikuthandizani.

Pakhomo alendo ankalandiridwa ndi thobwa wa mumtsuko, wotunga ndi chipanda. Kuphika kwake si kovuta: phala la ufa wa chimanga, likazizirako pang'ono mumathiramo chimera cha mawere kapena mapira, n'kulisiya ligone, m'mawa mwake n'kuliwiritsanso. Azakhali ndiwo anatiyang'anira, chifukwa mukathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, kutsekemera sikubwera. Pambali pake panali lichero la mtedza wokazinga ndi chimanga chootcha.

Kenako tiyi, monga mwa tiyirumu yakale. Tiyi wa masamba a ku Thyolo kapena Mulanje, wa mkaka, m'makapu a chitsulo aja otentha milomo. Masikono opaka majarini, mandasi, zitumbuwa ndi chikondamoyo chodula mabandumabandu. Agogo ati m'masiku awo buledi ndi tiyi wa mkaka zinali za pa Khirisimasi kapena pakabwera mlendo wolemekezeka, ndiye musazione ngati zotsika. Pa nthawiyo zinali fondue wathu.

Chakudya chachikulu chinali mpunga ndi nkhuku ya lokolo, monga pa chisangalalo chilichonse cha nthawi imeneyo, chambo chootcha pa makala, futali wa mbatata ndi nsinjiro, nkhwani wotendera, ndi nsima ya mgaiwa kwa amene sakhuta popanda iyo. Zonse m'mbale za chitsulo zomwe tinabwereka kwa agogo ndi anzawo a kumpingo.

Za kunja tinatengako zitatu zokha, zomwe zimatheka ndi zinthu za pamsika wathu. Choyamba, mazira aja amati deviled eggs: wiritsani mazira, adule pakati, chotsani zachikasu, zisakanizeni ndi mayonezi, mchere ndi kambuzi pang'ono, n'kuzibwezeramo. Koma akonzeni alendo atatsala pang'ono kufika, chifukwa mazira ndi mayonezi sizichedwa kuonongeka kukatentha. Chachiwiri, keke yotembenuza ya chinanazi: majarini ndi shuga pansi pa poto, zidutswa zozungulira za chinanazi cha ku Mulanje pamwamba pake, kenako ufa wa keke wokanda. Ikapsa mumaitembenuzira m'mbale, chinanazi n'kukhala pamwamba. Uvuni siifunika, mbaula pansi, makala ena pa chivundikiro, ndendende mmene amayi amaphikira chigumu. Chachitatu, mbale yaikulu ya punch yomwe aliyense amadzitungira yekha. Ife tinathiramo madzi a chidede ofiira, madzi a chinanazi, mandimu ndi shuga. Wina atha kugwiritsa ntchito bwemba kapena malambe.

Za mowa, ndinene mosabisa. Martini weniweni ndi jini ndi vermouth basi, mulibe chosungunula, ndipo amagwetsa msanga munthu wozolowera botolo la mowa wamba. Ngati alendo ndi akuluakulu ndipo mukufuna mowa, sakanizani jini pang'ono ndi toniki ndi ndimu, kapena ikani mabotolo a Carlsberg, amene fakitale yake ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Amene akufuna za kumudzi, masese kapena Chibuku zikukwanira m'mutuwo. Kachasu yekha ayi, ngakhale wina atati ndi wachikale; simudziwa mphamvu yake kapena zomwe athiramo. Ana asayandikire, ndipo woyendetsa galimoto akhale pa thobwa ndi Fanta wa m'botolo lagalasi.

Kanthu kena kamene kanasangalatsa anthu: tinalemba mndandanda wa zakudya pa bolodi ndi choko, mitengo yake m'masheleni ndi makobiri, poti kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971. Palibe analipira, koma ana a masiku ano anayamba kufunsana kuti tiki inali ndalama zingati. Amene anayankha ndi agogo, omwe tinawakhazika pampando wapamwamba.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Anthu amene anaona zaka zimenezo ndi maso awo akutha. Amene anali ndi zaka 20 mu 1964 lero adutsa zaka 80. Maphikidwe a ku America alembedwa m'mabuku masauzande ndipo sadzasowa pa intaneti. Koma muyezo wa chimera wa agogo anu, kapena mmene ankakulungira mkate m'masamba a nthochi, zili m'mutu mwawo mokha. Akapita, zapita. Bandulo imene mukuthera posakasaka maphikidwe a eni, bwanji osawaimbirako foni, n'kuwajambula mawu akufotokoza?

Usiku wa phwandolo, kwela italira, agogo anadzuka ndi ndodo yawo n'kugwedeza mapewa pang'ono, bwalo lonse linakuwa. Atakhala pansi ndinawapatsa chidutswa cha keke ya chinanazi. Analuma, n'kutafuna pang'onopang'ono.

"Kodi imakoma chonchi eti?" anatero. "Agogo ako anaiphika zaka khumi ndi ziwiri, koma sanabwere nayo kunyumba ndi tsiku limodzi lomwe."

Anapempha chidutswa china, n'kutsitsira ndi thobwa.